Madzi Owiritsa Katatu

Lolemba, 3 Febuluwale

Yayaka? Kadontho kofiira kakuphethira, ndiye kuti yayaka. Chabwino.

Mwana wanga wandisiyira foni yake yakale. Akuti amayi, poti kulemba kumakuvutani, muzingodina apa n'kunena nthawi imene mwana wamwa mkaka, ndizimvera ndikaweruka. Ine ndikumudziwa, samvera ameneyo. Tsiku lonse chiimire pa tilu m'shopu muja, amafika miyendo itatupa, kungonyamula mwana n'kumapita. Ndiye ndiziyankhula zanga.

Kanjiwa wamwa 8 koloko, botolo lonse. Wamwanso cha m'ma 11, kusiyako pang'ono. Miyezi itatu ndi sabata. Dzina la pa khadi lilipo, koma ine ndimati Kanjiwa, chifukwa akakhuta amalira kukhosi ngati njiwa. Kwa asewele amati Bebi. Bebi. Ngati mwana alibe kwawo.

Tinagawana chonchi. Lolemba mpaka Lachisanu masana ali kuno. Loweruka kwa agogo ake akuchimuna. Sizinawasangalatse, ankafuna sabata yonse. Akuti ndinapuma pa uphunzitsi, nthawi ndili nayo yambiri. Ngati ife nkhuku zimatiletsa kubereka mwana kumbuyo. Ine ndalera asanu ndi mmodzi. Iwo mmodzi yekha, akamwini angawa. Mmodzi. Ndiye wodziwa mwana ndani pamenepa?

Wadzuka. Ndidine pati kuti izime. Apa.

Lolemba, 10 Febuluwale

8 koloko, botolo lonse. 11 koloko, theka.

Loweruka ndinakamusiya ndekha, mayi ake anali ku ntchito. Ndinavula masilipasi pakhomo ngati ndikulowa m'tchalitchi. Matailosi paliponse. Pabalaza, kukhitchini, mpaka m'chimbudzi, khoma lonse mbee. Amdala akunowa amangowatchula kuti a Matailosi. Ndimawaletsa, koma ndimaseka.

Agula kabedi ka mwana. Kamatabwa oyera, kaneti kake, tinsomba tolendewera pamwamba tozungulira tokha. Mwana wobwera tsiku limodzi pa sabata, kabedi konseko? Akukonzekera, si ine mwana. Kuno amagona pa bedi langa, pilo uku pilo uku, ndipo sanagwepo.

Potsitsa chikwama anatulutsa fulasiki yanga, kuitsekula, kununkhiza. Akuti, asewele, madzi awa ndi a pachitsime paja? Ndinati ee, owiritsa. Akuti chabwino, koma kuno tizigwiritsa a pampopi. N'kukhuthulira m'sinki. Pamaso panga. Mwaulemu, akumwetulira, koma anakhuthula.

Chitsime chathu. Amdala anakumba ndi manja awo ndili ndi mimba ya mayi ake Kanjiwa yemweyu. Chomangira simenti, chivindikiro chachitsulo, ndowa yake yake yosakhudza pansi. Sichinaphwepo. Madzi ozizira, okoma, ukathira m'galasi umaona zala zako kuseri. Mipopi ikauma mzere wonse uno umabwera kuno ndi zigubu, a masuti omwe. Lero akhale otaya m'sinki.

Ndaganiza. Kuyambira lero a mwana ndiziwiritsa katatu. Kubwata, kuphula, kubwezerapo, mpaka katatu. Poto wake wake. Aone ngati ketulo yawo ya magetsi imafika pamenepo.

Lachitatu, 12 Febuluwale

Mvula usiku wonse. Khola lanyowa mbali ya kumunsi, madzi a pa mulu wa manyowa akuyenda bii kudutsa pa dimba. Amdala apita kukapereka nkhuku kwa wa lesitilanti, abwera madzulo.

Kwabwera wa zaumoyo. Jombo, kachikwama, timabotolo. Akuti tikuyeza zitsime. Ndinamutungira ndekha, monyadira. Anaviika kapepala kakang'ono ngati kamtengo ka machesi, n'kuyang'ana wotchi. Kapepala kanayamba pinki, kenako kufiira ndithu. Ndinati kakongola. Iye sanaseke.

Anayenda kuwerenga mapazi. Chitsime kufika pa khola, khumi ndi awiri. Kufika pa dimba pamene timathira feteleza, asanu ndi atatu. Chimbudzi sanawerenge, anangochiyang'ana.

Dzina lake akuti naitireti. Ndabwereza kangapo kuti ndisaiwale. Naitireti. Akuti ndi ngati mchere wochokera ku feteleza, ku zitosi, ku chimbudzi, mvula ikagwa umasungunuka n'kutsika mpaka m'chitsime. Suoneka, sununkha, pakamwa sumveka. Akuluakulu thupi limalimbanako, koma khanda losakwana miyezi isanu ndi umodzi magazi ake amalephera kunyamula mpweya.

Pamenepo Kanjiwa analira m'nyumba. Wa zaumoyo nkhope inasintha. Akuti amayamwa? Ndinati usiku amayamwa, masana wa m'chitini. Akuti ndi madzi ati? Ndinati awa, koma ndimawiritsa katatu, bambo. Akuti amayi, kuwiritsa kumapha tizilombo, koma izi si tizilombo, ndiye kumawonjezera. Kuwonjezera. Moto uwonjezere zoipa? Chibadwire changa, pa wailesi, ku sikelo, aliyense wiritsani madzi, wiritsani madzi. Lero moto wasanduka mdani?

Ndiye atamva kuti mwana ndi wa ndani, akuti aa, mdzukulu wa aphunzitsi anga, anandiphunzitsa masamu. Basi. Ndinamvetsa zonse. Loweruka kukhuthula fulasiki, Lachitatu kutumiza mwana wawo wa sukulu ndi kapepala kosintha mtundu. Ine sukulu ndinalekezera panjira, koma masamu amenewa ndimawatha.

Wasiya pepala lodinda, akuti mukawaonetse mayi a mwana lero lomwe. Ndalipinda kanayi. Lili pansi pa mashini osokera.

Lachinayi, 13 Febuluwale

8 koloko, theka. 11, theka. 2 koloko wakana, kenako wamwa pang'ono.

Sindinamuuze. Anafika wotopa, nsapato m'manja, ndinati mawa. Amdalanso sindinawauze, pakamwa pawo sipasunga kanthu, amayamba ndi nthabwala n'kumaliza ataulula.

Ndikuganiza mokweza tsopano. Ndikamuonetsa pepala, aimbira mwamuna wake. Mwamuna wake aimbira mayi ake. Lolemba kabedi koyera kaja kapeza mwini. Ine ndizikaona mdzukulu wanga Loweruka, nditavula masilipasi, atandipatsa tiyi m'kapu ya alendo.

Njira ina ilipo, ndaiona. Kukatunga chigubu chimodzi ku mpopi wa pa msika, cha mwana yekha. Si kutali. Koma wogulitsa madzi uja amaimba kwaya limodzi ndi asewele. Ine mwini chitsime, ndaima pa mzere wa mpopi ndi chigubu. Lisanalowe dzuwa zafika kale ku matailosi. Ndiye kuti ndavomera.

Ana asanu ndi mmodzi anamwa madzi omwewa. Onse ali moyo, wina ndi dalaivala wa thiraki, wonenepa ngati thumba. Inde iwo ankayamwa bere mpaka kuyenda, za m'chitini kunalibe. Inde nkhuku zinali khumi, osati mazana awiri. Dimba linalinso kutsidya kwa mpanda nthawi imeneyo. Koma madzi ndi madzi.

Ndawonjezera makala. Lero abwata mpaka poto kufika theka.

Lamulungu, 16 Febuluwale

Mwana wanga wandionetsa kavidiyo. Dzulo, kwa asewele. Kanjiwa ali m'kabedi kaja, tinsomba tikuzungulira, iye kuseka. Kuseka kwenikweni, kotulutsa mawu, nkhama zonse pamtunda. Koyamba. Kumbuyo kukumveka mawu awo, Bebi, Bebi, seka agogo aone.

Masiku asanu pa sabata ali kumsana kwanga. Matewera ndine, kubyukula pa phewa ndine, kumuyendetsa pabwalo akamavuta ndine. Kuseka koyamba kukapereka kwa a tsiku limodzi.

Ndinati wakula. Ndinapita kukhola kukaona madzi a nkhuku, oti ndinali nditathira kale.

Akuti kumeneko anamaliza mabotolo onse atatu. Kuno theka theka. Mwina amathiramo shuga, aphunzitsiwa amadziwa zambiri. Kapena mwana naye waona matailosi. Ayi, ndalakwa, khanda silidziwa zimenezo. Koma mtima ukuwawa ngati wina waukanda ndi foloko.

Lachiwiri, 18 Febuluwale

8 koloko, pang'ono. 11, pang'ono. M'mimba mwatsegukako, kawiri.

Asewele abwera kuno. Osaimba foni, galimoto phee pa geti. Akuti ndimadutsa, ndabweretsa masokosi a Bebi. Masokosi. Ndinawapatsa mpando wabwino, ndinathamangitsa nkhuku pakhonde. Maso awo kuyendayenda, ku khola, ku chitsime, ku mbaula.

Anamunyamula n'kupita naye poyera pa dzuwa. Kumutsekula kukamwa ndi chala, kuyang'ana zikhadabo. Akuti asewele, milomoyi simukuiona kutuwa? Ndinati kwazizira, mvula. Akuti Loweruka sinali chonchi. Ndinati Loweruka kunali dzuwa. Akuti bwanji tikamuonetse ku chipatala, galimoto ilipo. Ndinati mwana wathu sadwala pa Lachiwiri n'kuchira Loweruka.

Anangomubweza m'manja mwanga. Akuti nambala yanga muli nayo. Za wa zaumoyo sanatchule n'komwe. Kuchenjera.

Atapita ndamuyang'ana ndekha. Ndi yotuwa, inde. Ngati wanyambita phulusa. Koma ana amasintha, m'mawa wina masana wina. Ndipo akugona bwino masiku ano, salira ngati kale. Kwa iwo amaseka, kuno amagona. Mwana amagona pamene wakhulupirira. Eti?

Kulira kwa njiwa kuja sindinakumve chiyambire Lachinayi.

Lachinayi, 20 Febuluwale

8 koloko wakana. Wagonanso.

Amdala andiseka nkhomaliro. Nyemba ndinaziiwala pa moto ndili kukhola, msuzi wonse unaphwera. Alawa, akuti mayi, mwathira mchere kawiri kapena mukufuna ndifere pano mutenge nkhuku? Ndinati kamodzi, supuni imodzi ngati masiku onse. Akuti ndiye madzi athawa, mchere watsala.

Apita kukagona pa mkeka. Ine ndakhala pano pakhonde.

Madzi athawa, mchere watsala.

Dikira. Ndinene bwinobwino. Poto wa mwana ndimadzaza mpaka m'khosi. Kubwata katatu. Pophula amakhala theka. Nthunzi ija ndi madzi, amapita. Wa zaumoyo anati ndi ngati mchere. Mchere suuluka, ine ndaphika zaka makumi anayi, mchere suuluka. Ndiye za poto wodzaza zimatsalira mu theka. Ndiye supuni za mkaka, ndiye kugwedeza, ndiye ine ndi dzanja langa.

Anatero. Kumawonjezera, anatero.

Ndikamuone. Kanjiwa. Kanjiwa, dzuka mayi. Akupuma mothamanga. Lilime nalonso. Zala izi. Bambo, tadzukani. Nambala ija ili pati, mwana anaisunga dzina lanji, apongozi, a, a

Loweruka, 22 Febuluwale

Ndili panja pa wodi ya ana, pa benchi. Masana. Ali moyo. Ndiyambe ndi pamenepo. Ali moyo.

Ndinawaimbira iwo, asewele. Mwana wanga pa tilu saloledwa foni, akamwini ali kutali ndi ntchito. Sanafunse kanthu, anangoti ndikubwera. Anafika atavala nsapato zosiyana, ina yakuda ina ya m'bafa. Aphunzitsi. Ine kumbuyo ndi mwana, iwo kuliza hutala njira yonse.

Anamuika timachubu ta mpweya m'mphuno. Potenga magazi ndinaona ndi maso anga, sanali ofiira. Ngati chokoleti. Namwino anathamanga nawo. Kenako mankhwala a buluu, ngati inki, kulowetsa pa mtsempha pang'onopang'ono. Ola lisanathe milomo inayamba kubwerera. Dzulo thewera linatuluka lobiriwira, mayi ake kukuwa, namwino akuti ndi mankhwala aja akutuluka, musaope.

Adokotala anatifunsa tonse titaima. Mkaka mumasungunula ndi madzi ati? Ndinati a pachitsime, owiritsa. Akuti chitsimecho chinayezedwapo? Mwana wanga anandiyang'ana. Ine ndinapukusa mutu.

Ndinapukusa mutu. Ndanena, foni yamva.

Mwana wanga anayamba kulira, akuti amayi, amayi, mpaka mwana kutuwa osaona? Ndiye asewele anamugwira paphewa. Akuti mwanawe, usawatero mayi ako, amawiritsa katatu, ine ndimangowiritsa kamodzi. Palibe akanadziwa. Ndipo ndi iwo aona msanga n'kuimba.

Ndikanakonda akanandilalatira. Akananena za Lachiwiri, zoti anandiuza ine n'kukana. Sananene. Ngakhale pa ubwino andipose? Nyumba, mpopi, galimoto, kuseka kwa mwana, tsopano ndi mtima womwe. Ine nditsale ndi chiyani.

Anandigulira tiyi. Ndinamwa.

Lachiwiri, 25 Febuluwale

Palibe 8 koloko, palibe 11.

Anatuluka dzulo. Ali kwa asewele, akuti kaye. Kaye ameneyo ndikumudziwa. Mapilo awiri akadali pa bedi, sindinachotse. Kathewera kamodzi pa chingwe, kanauma kale.

Dona wa nyumba yachitatu wabwera kudzapepesa za matenda. Akuti nafenso wa zaumoyo uja anatiyezera, chathu chinangofika pinki. Akuti anayenda mzere wonse, nyumba khumi ndi zinayi, kuyambira kumtunda. Ndiye kuti sanatumidwe. Ankangogwira ntchito yake. Ndinafunsa kawiri. Mzere wonse.

Mwayi dona uja sanafunse za chathu amdala ali pafupi.

Amdala akusamutsa mulu wa manyowa ndi wilibala, okha. Chigwereni matenda nthabwala zinatha. Dzulo ndawapeza aima pa chitsime, dzanja pa chivindikiro. Akuti ndinakumba ndine, nkhuku ndinachulukitsa ndine, ndikanapha mdzukulu wanga. Ndinati si inu. Akuti nanga ndani. Ndinalowa m'nyumba.

M'mawa ndapita ku mpopi wa pa msika ndi zigubu ziwiri. Wogulitsa madzi anangoti mwadzuka bwanji, mwana ali bwanji. Basi. Mphindi khumi kupita, khumi kubwera. Ndayenda ndikuwerenga. Mphindi makumi awiri.

Mwana wanga waimba. Mawu ofewa, akuti amayi pepani ndinakukalipirani ku chipatala kuja. Akuti ndayankhula ndi apongozi, akuti si bwino kukulandani mwana, sabata ya mawa abwerere, iwo azibweretsa madzi pa galimoto. Iwo. Pa galimoto. Mpaka madzi akumwa m'nyumba mwanga akhale ochokera ku matailosi. Koma abwerere. Lolemba. Ndinakhala pansi pomwepo pa simenti.

Ndiye pomaliza akuti, Lachisanu tikupita naye kukaonedwanso, adokotala akufuna kudziwa mmene ankamwera masiku aja. Ndidzatenga foni ija Lachinayi, ndimvere.

Lachinayi, 27 Febuluwale

Kufufuta sindidziwa. Ndadina paliponse, yangondionetsa nyengo ya mawa. Wa mafoni pa msika akhoza, koma ayambe wamvera, ndipo mkazi wake ndi wa kwaya yomweyo.

Ndili pa chitsime. Chivindikiro ndatsekula. Pansi ndikuona mutu wanga ndi mtambo. Madzi mbee, okongola ngati kale, osalakwa nkhope. Foni yakale, batire lovuta, inagwa ndikutunga. Ndani angatsutse? Pepala lija n'kuliponya pa mbaula. Lolemba Kanjiwa ali kumsana kwanga. Miyezi iwiri ikubwerayi ayamba kukhala, kenako mano, kenako kukwawa. Zonsezo zikachitikire pa matailosi? Liwu loyamba akanene kumeneko?

Amdala akubwera ndi wilibala. Ulendo wa makumi angati kaya. Msana wapindika. Sakundiyang'ana, sayang'ana aliyense masiku ano.

Adutsa.

Ndatseka chivindikiro.

Iwe mwana wanga. Ngati wafika pano ndiye kuti wamva zonse, za Bebi, za masamu, za mutu umene ndinapukusa. Pakamwa sindikanatha, ukanandiyang'ana ngati ku chipatala kuja ine n'kupukusanso. Pepala lili m'thumba la foni momwemu, lopinda kanayi, deti lake uliona wekha. Masiku asanu ndi atatu ndikudziwa. Bambo ako uwauze iwe kapena ndiwauze ine, koma asagonenso akuganiza kuti ndi iwo. Apongozi ako anaona Lachiwiri, ine ndinawabweza. Sanakuuze. Uwathokoze, ine ndiyesa, koma sindikulonjeza kuti zituluka bwino.

Za Lolemba ugamule wekha, sindidzatsutsa.

Chimodzi chokha. Akakhuta usamugoneke msanga. Umuike pa phewa lamanzere, chala kuseri kwa khutu, uzisisita pang'onopang'ono. Ndi pamene amalira ngati njiwa. Kumeneko sadziwa zimenezo, sindinawauze dala. Uwauze.

Geti lalira. Ndiwe. Ndidine apa.